Chipatala chikamangidwa, mafuta a ambulansi agula ndani?

Pafupifupi pa chipatala chilichonse m'dziko muno pali chikwangwani kapena mwala wolembedwa dzina la amene anathandiza kumanga. Timawerengapo mayina a mayiko, a mabungwe, a mipingo, nthawi zina dzina la munthu amene sanapondepo n'komwe pamalopo. Zikwangwanizi zimatiuza amene anagula njerwa ndi malata. Sizitiuza amene akulipira namwino mwezi uno, kapena amene athire mafuta mu ambulansi mayi woyembekezera akadwalika pakati pa usiku.

M'nkhani ino tikufuna kutsata ndalama za anthu akufuna kwabwino kuchokera m'thumba la wopereka mpaka pa bedi la wodwala. Tasankha boma la Rumphi chifukwa thandizo lotere lakhala likufika kumeneko kwa zaka zoposa 120, choncho ubwino wake ndi zofooka zake zonse zikuoneka poyera.

Boma lovuta kufikira

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Rumphi muli anthu pafupifupi 229,000. Poyerekeza ndi Lilongwe kapena Mangochi, anthuwa ndi ochepa, koma akhala motalikirana pamalo ovuta kuyendapo. Ena ali m'chigwa cha Henga, ena ku Nkhamanga ndi ku Hewe kufupi ndi nkhalango ya Vwaza, ena m'mapiri a Phoka m'munsi mwa Nyika, ndipo ena ali m'mphepete mwa nyanja kumene phiri limatsetsereka mpaka m'madzi. Midzi ina ya kunyanja, monga Tcharo, imafikirika pa boti kapena wapansi basi.

Izi zikutanthauza kuti kuthandiza wodwala mmodzi ku Rumphi kumadya ndalama zambiri kusiyana ndi mumzinda. Katemera ayenera kuyenda mtunda wautali ali wozizira. Wodwala amene zamukanika pa chipatala chaching'ono ayenera kutumizidwa pa Boma, ndipo zikakanikanso pamenepo, ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Ulendo uliwonse ndi mafuta, matayala ndi dalaivala.

Mphatso zoyamba ku Khondowe

Amishoni a Livingstonia anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881. Malungo anawapha ambiri m'malo onse awiri, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anasankha phiri la Khondowe, m'boma lomwe lero tikulitcha Rumphi. Ntchito imeneyi inkayenda ndi zopereka za Akhristu a ku Scotland, makamaka eni mafakitale a mumzinda wa Glasgow. Wopereka wamkulu anali John Campbell White, wodziwika ndi dzina loti Lord Overtoun, ndipo n'chifukwa chake sukulu ya pa Khondowe inatchedwa Overtoun Institution. Ndalama zake zinathandizanso kukokera madzi a m'mipope pa mishoni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi imene madzi otere anali chinthu chachilendo m'dziko lonse la Nyasaland. Mu 1911 chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa, chomangidwa ndi ndalama za banja la Gordon pokumbukira m'bale wawo. Chipatalachi chikugwirabe ntchito mpaka lero pansi pa Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, ndipo chimayang'aniranso zipatala zazing'ono za kunyanja monga Mlowe, Luwuchi ndi Tcharo.

Mbiri imeneyi ili ndi maphunziro awiri. Loyamba ndi loti ntchito yodalira munthu mmodzi imagwedezeka munthuyo akachoka. Lord Overtoun anamwalira mu 1908, kenako Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inabwera, ndipo ndalama zochokera ku Scotland zinachepa. Laws anachoka mu 1927 asanaone sukulu yaukachenjede imene ankalota. University of Livingstonia inadzatsegulidwa mu 2003.

Lachiwiri ndi lowawa pang'ono. Chuma cha Overtoun chinkachokera ku fakitale yopanga mankhwala a chrome ku Shawfield, kufupi ndi Glasgow. Mu 1899 wandale wina womenyera ufulu wa antchito, Keir Hardie, anaulula kuti anthu a pa fakitaleyo ankagwira ntchito maola 12 pa tsiku, ambiri sabata yonse osapuma, ndipo fumbi la mankhwalawo linkawachititsa zilonda pakhungu ndi kuwaboola m'mphuno. Chonsecho mwini wake ankadziwika monga munthu wolimbikitsa kuti tsiku la Lamulungu lizilemekezedwa. Ife amene timasunga Sabata tiyenera kuima pamenepa. Lamulo lachinayi limatchula wantchito wamwamuna ndi wamkazi pakati pa oyenera kupuma. Madzi amene anapulumutsa miyoyo ku Khondowe anali abwino ndithu, koma ubwino wa mphatso sufafaniza funso loti ndalamazo zinapezeka bwanji.

Njira zitatu zimene ndalama zimadutsa lero

Kwa zaka zambiri, zoposa theka la ndalama zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja. Zimafika kwa wodwala kudzera m'njira zitatu zikuluzikulu.

Njira yoyamba ndi ya mathumba akuluakulu a dziko lonse. Gavi, yomwe imagula katemera, inayamba mu 2000 ndi thandizo la madola 750 miliyoni lochokera ku Gates Foundation. Global Fund inayamba mu 2002 kuti ilimbane ndi Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo. PEPFAR, thumba la boma la America lolimbana ndi Edzi, inayamba mu 2003. Ndalama za Global Fund ndi zimene zinatheketsa kuti Malawi iyambe kugawa ma ARV aulere mu 2004. Wodwala wa ku Bolero kapena ku Mhuju akalandira botolo la mankhwala otalikitsa moyo, kapena mayi akalandira masikito ku sikelo, kawirikawiri saona dzina la wopereka, chifukwa zinthuzi zimadzera m'zipatala za boma. Koma ndalama zimenezi zimabwera zitamangidwa kale pa matenda ake. Zogulira mankhwala a malungo sungazitenge n'kukonzera denga la chipinda cha amayi oyembekezera, ngakhale litadontha motani.

Njira yachiwiri ndi ya zipatala za mipingo. Zipatalazi zili m'bungwe la CHAM, lomwe linayamba mu 1966, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. David Gordon ili m'bungweli, chimodzimodzi Malamulo yathu ya ku Thyolo. Ambiri timaganiza kuti chipatala cha mishoni chimayendetsedwa ndi azungu. Zoona zake n'zakuti chimaima pa mafuwa atatu: boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri, odwala amalipira kangachepe kogulira mankhwala ndi kuyendetsera chipatala, ndipo abwenzi akunja amathandiza ndi nyumba, zipangizo ndi maphunziro. Fuwa limodzi likasuntha, mphika umapendekeka.

Vuto la njira imeneyi ndi loti munthu wosauka amene chipatala chake chapafupi ndi cha mishoni ayenera kulipira, pamene mnzake wokhala pafupi ndi cha boma salipira. Pofuna kuchepetsa kusiyana kumeneku, kuyambira mu 2006 boma linayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM, odziwika ndi dzina loti SLA. Chipatala chimathandiza amayi oyembekezera ndi makanda kwaulere, kenako chimatumiza bilu ku boma. Kumene mapanganowa ayenda bwino, amayi ochirira kuchipatala achuluka. Koma boma likachedwa kulipira, chipatala chimakhala chitagwiritsa kale ntchito mankhwala ndi mafuta ake, ngongole zimaunjikana, ndipo nthawi zina zipatala zina zaimitsapo thandizo laulereli.

Njira yachitatu ndi ya mabungwe ang'onoang'ono ndi anthu paokha. Chitsanzo cha ku Rumphi ndi Eva Demaya Centre ku Luviri, yothandizidwa ndi anthu a ku Netherlands. Mmodzi mwa oyambitsa ake, mayi Jacqueline Kouwenhoven, anadzasankhidwa kukhala phungu wa dera la kumadzulo kwa Rumphi mu 2014. M'gulu lomweli muli mipingo ya kunja yotumiza makontena a mabedi ndi zipangizo, komanso ana a kwathu okhala ku Johannesburg kapena ku London amene amasonkha ndalama zothandizira kumudzi. Mphamvu ya njira imeneyi ndi yoti imafulumira ndipo opereka amawadziwa anthu amene akuwathandiza. Kufooka kwake ndi komwe kuja kwa Overtoun: imadalira moyo, thanzi ndi chidwi cha anthu owerengeka.

Kaodzera: pamene mphatso inagwira ntchito

Tisamveke ngati tikunyoza thandizo. Ku Rumphi komweko kuli umboni woti pali ntchito zina zimene popanda opereka sizingachitike n'komwe.

Anthu okhala mozungulira Vwaza amadziwa matenda a kaodzera, omwe amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe. Mtundu wa kaodzera wopezeka kuno ndi wachangu: munthu akapanda kulandira chithandizo amamwalira m'masabata kapena miyezi yochepa. Kwa zaka zambiri, kachilombo kakafika ku ubongo, mankhwala ake anali jakisoni wa melarsoprol, wopangidwa kuchokera ku poizoni wotchedwa arsenic. Jakisoniyu ndi woŵaŵa kwambiri, ndipo iye mwini ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 aliwonse. Makampani opanga mankhwala analibe chidwi chofufuza mankhwala ena, popeza odwala ake ndi ochepa ndiponso ndi osauka. Panalibe phindu.

Mu 2003 bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, lomwe linapereka ndalama za mphoto yake ya Nobel ya 1999 ku nkhondo yolimbana ndi matenda oiwalika, linagwirizana ndi mabungwe ena ofufuza n'kuyambitsa DNDi, bungwe lopanga mankhwala mosafuna phindu. DNDi pamodzi ndi kampani ya Sanofi anakonza mapiritsi otchedwa fexinidazole. Kuyambira mu 2019 mapiritsiwa anayesedwa pa odwala kaodzera wa mtundu wathu m'malo awiri: pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi pa chipatala cha Lwala ku Uganda. Mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti ndi othandiza, ndipo mu 2024 bungwe la WHO linawaika m'malangizo ake. Wodwala amamwa mapiritsi kwa masiku 10, ndipo amaperekedwa kwaulere.

N'chifukwa chiyani thandizo ili linabala zipatso? Linakhala pa ntchito imodzi kwa zaka pafupifupi 20 osatopa. Linagwira ntchito m'chipatala cha boma chomwe chinalipo kale, ndi madokotala ndi anamwino a Unduna wa Zaumoyo, kotero luso linatsala pomwepo. Ndiponso linachita chinthu chimene boma la Malawi palokha silikanatha.

Komabe mapiritsi aulere sathetsa zonse. Kaodzera amayamba ngati malungo, ndiye pafunika munthu wodziwa kuyang'ana magazi pa makina oonera tizilombo. Wodwala wa ku Hewe ayenera kupeza ndalama yoyendera. Mapiritsiwo amagwira bwino ntchito akamwedwa munthu atadya chakudya chokwanira, ndiye pafunikanso ufa ndi ndiwo. Zonsezi sizilembedwa pa chikwangwani.

Mpopi ukatsekedwa

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kawiri m'zaka zaposachedwapa dziko lathu laona tanthauzo la mwambiwu.

Mu 2013 nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, yodziwika kuti Cashgate, itaululika, mayiko othandiza anasiya kuika ndalama zawo mwachindunji mu bajeti ya boma. Zambiri zinayamba kudzera m'mabungwe omwe si aboma. Thandizo silinathe, koma ofesi ya zaumoyo ya m'boma inatsala ndi mphamvu zochepa zosankha chimene chili chofunika kwambiri m'dera lake.

Pa 20 January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja kwa masiku 90, ndipo pofika July chaka chomwecho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mankhwala opulumutsa moyo analoledwa kupitirira, koma m'Malawi monse anthu ambiri olembedwa ntchito ndi mabungwe anauzidwa kuti ayambe aima. Pamenepo m'pamene ambiri tinazindikira kuti woyeza magazi, wolemba kaundula wa odwala pa kompyuta, wotsata amene asiya kumwa mankhwala, ndi wanjinga yamoto wonyamula magazi kupita nawo kokayezetsa, ambiri mwa iwo sankalipidwa ndi boma lathu. Botolo la ma ARV likhoza kukhala pa shelefu, koma popanda anthu amenewa silifika kwa mwini wake m'nthawi yake.

Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti zawo ku zaumoyo. Zaka zambiri Malawi yakhala isakufika pa mlingo umenewu. Dzenje lotsalalo ndi limene opereka akhala akukwirira, ndipo nafenso tazolowera kuti alikwirira.

Matauni aang'ono amene amaiwalika

Pali gulu lina la anthu limene njira zitatu zija zimalilumpha kawirikawiri: okhala m'matauni aang'ono amene akukula msanga, monga pa Rumphi Boma, Bolero, Phwezi ndi Chitimba. Opereka akafuna kuthandiza osauka amafunsa za madera ovuta kufikako, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. N'chifukwa chake kuyambira mu 2008 alangizi a zaumoyo akhala akutsegula timakiliniki ta m'midzi yakutali, kothandizira ana osapitirira zaka 5 odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Akafuna kuthandiza a m'tauni amapita ku Ndirande, ku Mgona kapena ku Mchengautuwa. Tauni ya pa Boma imatsala pakati. Pa pepala anthu ake ali pafupi ndi chipatala, choncho amawerengedwa kuti ali bwino.

Koma kukhala pafupi ndi chipatala sikuteteza munthu ku matenda. M'nyumba za lendi zomangidwa mondondozana, mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Madzi ndi ogula pa ndowa. Zinyalala za pamsika zimadikira khonsolo yomwe ndalama zake n'zochepa. Nyengo ya fodya anthu amachuluka, matenanti ndi amalonda ochokera kutali, ndipo mowa umayenda. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sunasiye boma la Rumphi, unatikumbutsa kuti umoyo umayambira pa chitsime ndi pa chimbudzi. Ntchito yokuza madzi a m'mipope ku Rumphi, imene Northern Region Water Board inapezera thandizo ku African Development Bank, tiyenera kuiona ngati ntchito ya zaumoyo ndithu.

Palinso matenda amene akuchuluka m'matauni otere koma alibe thumba lalikulu lowayang'anira: kuthamanga kwa magazi, shuga, matenda a maganizo ndi uchidakwa. Pa dziko lonse matenda osapatsirana amalandira gawo laling'ono kwambiri la thandizo la zaumoyo. Bambo wa pa Boma akhoza kupeza ma ARV mwezi uliwonse osaphonya, koma n'kubwezedwa kuti akagule yekha mankhwala a BP.

Mafunso anayi

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzakhala aphunzitsi, anamwino, abusa ndi owerengera ndalama. Tidzakhala m'makomiti a sukulu, a chipatala, a chitukuko cha m'mudzi ndi m'mabodi a mpingo. Tsiku lina mlendo adzabwera ndi mphatso. Tidzamulandire ndi manja awiri, koma tidzafunsenso mafunso awa mwaulemu.

Loyamba: anapempha chimenechi ndani? Ngati amayi a m'deralo akulira nyumba yodikiriramo nthawi yochira, makina odula osowa wowagwiritsa ntchito sawathandiza.

Lachiwiri: chaka chachitatu adzalipira ndani? Ambulansi imafuna mafuta ndi sevisi. Sola imafuna mabatire atsopano. Mjigo umafuna zitsulo zosinthira. Yesu mwini anaphunzitsa kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake.

Lachitatu: kodi ofesi ya zaumoyo ya m'boma ikudziwa? Chipatala chomangidwa popanda kugwirizana ndi boma chikhoza kukhala chotseka zaka zambiri chifukwa palibe namwino amene anatumizidwako.

Lachinayi: lipoti limapita kwa yani? Ngati limangopita kwa wopereka m'Chingerezi, eni dera sadziwa kuti zinabwera zingati ndipo zinagwira ntchito yanji. Liyenera kuwerengedwanso pa msonkhano wa mfumu, m'Chitumbuka chimene agogo angamve.

Gawo lathu

Mpingo wathu nawo ndi wopereka komanso wolandira. Kuyambira mu 1912 chopereka cha Sabata la 13 chamanga masukulu, zipatala ndi matchalitchi m'mayiko ambiri, ndipo ADRA imagwira ntchito zachifundo m'dziko muno. Koma nafenso timakonda zooneka ndi maso. Kusonkhera njerwa n'kosavuta chifukwa pamapeto pake pali mwambo wodula riboni. Kusonkhera mafuta a ambulansi mwezi ndi mwezi kulibe zithunzi.

Chonsecho, ntchito zimene opereka akuluakulu amazisiya ndi zimene mpingo wa pamalo ungazithe. Makina oyezera BP si odula kwambiri, ndipo nthambi ya zaumoyo ya mpingo, mothandizidwa ndi namwino mmodzi wa mumpingomo, ikhoza kuyeza anthu pamsika kamodzi pa mwezi n'kutumiza ofunika chithandizo kuchipatala. Phindu lake lili pa kubwereranso mwezi wamawa, osati kungoonekera sabata ya msonkhano wa chitsitsimutso. Amayi a Dorika akhoza kukhala ndi thumba la ndalama zoyendera odwala otumizidwa ku Mzuzu, lolembedwa bwino m'buku ndi kuwerengedwa pamaso pa mpingo. Achinyamata akhoza kupereka magazi. Mphunzitsi akhoza kuonetsetsa kuti pa chimbudzi cha sukulu pali madzi ndi sopo chaka chonse. Uthenga wathu wa kadyedwe koyenera, kupewa mowa ndi fodya, ndi kupuma, ukulunjika pa matenda omwe aja osowa thumba.

M'fanizo la Msamariya wachifundo timakonda kukumbukira mafuta, vinyo ndi bulu. Timaiwala kuti m'mawa mwake munthu uja anasiya ndalama kwa mwini nyumba ya alendo, n'kulonjeza kuti akadzabweranso adzalipira zonse zoonjezera. Anadziwa kuti kumanga mabala ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kuchira kumatenga masabata, ndipo masabata amenewo ali ndi bilu yake. Chipatala cha David Gordon chaima zaka zoposa 110 chifukwa mphatso ya banja limodzi inapeza anthu olipira bilu imeneyo chaka ndi chaka: sinodi, boma, abwenzi, ndi odwala ogulitsa khofi, usipa kapena nkhuku kuti alipire. Mphatso zimene zikubwera lero zidzafunanso anthu otero, ndipo ena mwa iwo akuwerenga magazini ino.